Mtedza wa ku Mchinji m'masitolo a ku Britain: lipoti la mgwirizano wa alimi ndi makampani

Lipoti ili likufotokoza za mgwirizano umene unalumikiza alimi a mtedza a m'boma la Mchinji ndi makampani a ku Britain kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 2000: momwe unayambira, zomwe unabweretsa kumudzi ndiponso pomwe unkatsimphina. Ndikulemba monga mlangizi wa zamalonda amene wakhala akuyendera makalabu a alimi a mtedza ku Mchinji ndi ku Kasungu kwa nthawi yaitali. Sindinalembedwepo ntchito ndi mabungwe omwe nditawatchule. Zomwe ndinene za iwo n'zodziwika kale poyera, pamene za pakhomo pa mlimi ndinaziona ndi maso anga.

Mfundo yanga ndi imodzi. Kampani imafuna mtedza wopanda chuku. Kuti mtedza ukhale wotero pali ntchito yowawa, pali makilo otayika posankha, komanso pali kudikira ndalama. Zitatu zonsezi zimagwera mayi wa pakhomo, ndipo mgwirizano umene suzilipira sukhalitsa, ngakhale utakhala ndi zikalata zokongola chotani.

Msika umene tinautaya

Akuluakulu a ku Mkanda ndi ku Kalulu amakumbukirabe nthawi imene mtedza wa Chalimbana unkapita ku Ulaya. Unali wa maso akuluakulu, wokoma ukakazingidwa, ndipo azungu ankaufuna kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula yokha. Mtengo wake sunkasangalatsa aliyense, koma pamsika pake panali lamulo: mtedza unkasankhidwa, wonyowa unkabwezedwa, ndipo mlimi ankadziwa kuti akabweretsa zosakaniza abwerera nazo pamutu.

Kunja kunkachitika zina zomwe mlimi wa kuno sankazidziwa. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri atafufuza anapeza poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amapangidwa ndi chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus. Kuchokera pamenepo maiko a ku Ulaya anayamba kukhwimitsa malamulo pang'onopang'ono, kufikira pomwe European Union inaika malire akuti mtedza wodya anthu usapyole magawo 4 pa biliyoni a poizoniyu. Kunena kwina, magalamu 4 okha m'matani 1,000 a mtedza. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 msika wa ku Ulaya unali utatichoka m'manja.

Kuno kwathu zinthu zinasinthanso. Mu 1987 boma linalola anthu wamba kugula mbewu, ndipo mavenda analowa m'midzi ndi masikelo awo. Venda safunsa za giredi, ndiye mwambo wosankha mtedza unazilala. M'zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, abambo ambiri n'kuthamangira kumeneko, ndipo mu nyengo ya 1994/95 matenda a kadukutu anasakaza minda ya mtedza m'chigawo chapakati. Mtedza, kapena nsawa monga amanenera Achewa a kumeneko, unatsala m'manja mwa amayi: wa nsinjiro, wotendera ndiwo, ndi wogulitsa pang'onopang'ono pofuna mchere, sopo ndi makope a ana.

Omwe analowa mu mgwirizano

NASFAM, bungwe la alimi ang'onoang'ono m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1997, kuchokera ku ntchito imene inkathandizidwa ndi USAID yosonkhanitsa alimi ang'onoang'ono a fodya m'makalabu. Mitengo ya fodya itayamba kugwedezeka, bungweli linatembenukira ku mbewu zina, ndipo ku Mchinji kunabadwa Mchinji Area Smallholder Farmers Association, imene anthu amangoti MASFA. Nthambi zake zinatsata zigawo za ulimi monga Mkanda, Kalulu, Chiosya, Mikundi, Msitu ndi Mlonyeni. Pansi penipeni panali kalabu ya anthu khumi kapena makumi awiri odziwana, makalabu angapo n'kukhala ndi malo amodzi ogulitsira.

Ku mbali ya mbewu kunali bungwe lochita kafukufuku wa mbewu la ICRISAT, imene yakhala ku Chitedze kuyambira mu 1982. Pogwira ntchito ndi akatswiri a boma inatulutsa CG7 mu 1990, mtedza wofiira wobereka kuposa Chalimbana, kenako mu 2000 mtundu wa Nsinjiro umene umapirira kadukutu. ICRISAT yomweyo inabweretsa njira yotsika mtengo yoyezera aflatoxin, moti zinatheka kuyeza mtedza kuno konkuno usanakwere galimoto, m'malo momva mbiri yoipa kontena itafika kale padoko la ku Ulaya.

Wogula anali Twin Trading ya ku London, imene inayamba mu 1985 ndipo inali itathandiza kale kukhazikitsa Cafédirect pa khofi ndi Divine pa chokoleti. Mu 2004 MASFA inalandira chiphaso cha Fairtrade, ndondomeko yolimbikitsa malonda achilungamo kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo mtedza wa ku Mchinji unayambanso kuoneka ku Britain, m'masitolo monga Co-op, Tesco ndi Sainsbury's. Mu 2007 kunakhazikitsidwa kampani ya Liberation Foods, imene inali yachilendo ndithu: masheya 42 pa 100 alionse anaperekedwa kwa mabungwe a alimi eni ake, anthu oposa 22,000 a ku Malawi, Mozambique, India, Bolivia, Nicaragua ndi maiko ena. Katswiri wa nthabwala wa ku Britain, Harry Hill, anabwera kuno kudzaona alimi, n'kuika dzina lake pa mapaketi a Harry's Nuts.

Ntchito inkayenda motere. Mlimi amagulitsa pamalo a kalabu, thumba lililonse n'kulembedwa chizindikiro chosonyeza komwe lachokera. Kumosungira katundu amatapako pang'ono m'matumba n'kuyeza. Mtedza wopambana mayeso umapita kunja, wolephera umatsala. Pa mtengo wogulira, Fairtrade inkaonjezera madola 110 pa tani iliyonse, ndalama ya chitukuko imene mamembala ankagwirizana okha pamsonkhano kuti igwire ntchito yanji.

Zomwe zinaoneka ndi maso

Chinthu chimene aliyense wa ku Mchinji angakulozereni ndi nyumba ya odikirira odwala pa chipatala chachikulu cha boma. Isanamangidwe, magadiyani, ambiri mwa iwo amayi ochokera kutali, ankagona panja n'kumaphika pansi pa mitengo, dzinja ndi chilimwe chomwe. Alimi atafunsidwa kuti ndalama yawo yoyamba ipite kuti, anasankha pamenepo. Ine ndimaona kuti anasankha mwanzeru, chifukwa palibe banja la kumudzi limene silinagonepo pa chipatala kudikirira m'bale. Pambuyo pake ndalamayo inathandizanso kumanga malo ogulirapo ndi kusungiramo mtedza m'madera angapo.

China n'chosaoneka msanga koma chachikulu. Mawu akuti chuku analowa m'misonkhano ya makalabu. Anthu anaphunzira kuumitsa mtedza mwa njira ya Mandela cock, yosanja mtedza wokumba mozungulira, makoko ali m'kati masamba ali kunja, kuti mphepo izidutsa koma mvula isalowe. Amayi anayamba kukhala m'makomiti n'kumafunsa mtengo pamaso pa abambo. Zimenezi sizinathe ngakhale m'zaka zomwe msika wakunja unafooka.

Koma tiwerengere ndalama ija. Madola 110 pa tani ndi madola 5.50 pa thumba la makilo 50. Kontena ya matani 18 imabweretsa madola 1,980. Ikasonkhanitsidwa imamanga nyumba, koma silowa m'thumba la mayi amene wasankha mtedzawo, ndipo imabwera pa mtedza wokhawo umene wagulidwa pansi pa Fairtrade, womwe unali kachigawo kochepa ka mtedza wonse wa m'boma la Mchinji. Masheya nawonso n'chinthu chaulemu, chifukwa amapatsa alimi mpando pomwe zinthu zimagamulidwa. Komabe m'makalabu omwe ndinkayendera nkhani inali ya kilo: akugula zingati, akulipira liti.

Chuku chimalowera pati

Amene sanakhalepo pakhomo pa mlimi m'mwezi wa Meyi ndi Juni amaganiza kuti chuku ndi ulesi. Si choncho. Chuku chimenechi chimakhala m'dothi, ndipo chimapeza mpata mvula ikadula msanga mtedza usanakhwime. Nthaka ikauma n'kutentha, makoko amang'aluka, chiswe chimaboola, chuku n'kulowa mtedza ukadali pansi. Mlimi wobzala mochedwa ndiye amagwa m'mavuto amenewa, ndipo mtedza umabzalidwa mochedwa chifukwa mvula yoyamba ikagwa banja lonse limathamangira chimanga ndi fodya. Pokumba nthaka itauma, khasu limadula makoko. Poumitsa, ambiri amayala pansi kapena padenga, mame ndi mvula ya mwadzidzidzi n'kumanyowetsa.

Ndiye pali kuswa. Kuswa mtedza ndi manja kumatupitsa zala, makamaka CG7 wouma bwino. Amayi amawaza madzi pa makoko madzulo kuti m'mawa afewe, ndipo amene anaswapo ndowa zingapo sangawadzudzule mopepuka. Madziwo amaonjezeranso kulemera pa sikelo, zomwe venda amadziwa, n'chifukwa chake nayenso amachepetseratu mtengo kapena kukonza sikelo yake. Mtedza wonyowawo ukalowa m'thumba la pulasitiki, masiku ochepa okha chuku chayamba. Kuti usungike bwino, chinyezi cha maso ake chisapyole 7 kapena 8 pa 100.

Njira yodalirika yochepetsera poizoniyu ndi kusankha. Aflatoxin sakhala mofanana m'thumba lonse, amaunjikana m'maso ochepa oola, osweka, osintha mtundu ndi mphwephwa. Ukachotsa amenewo, wotsalayo nthawi zambiri amapambana mayeso. Izi ndi zomwe tinkaphunzitsa, ndipo n'zoona.

Tsiku lina m'mudzi wina cha ku Chiosya ndinapeza mayi wachikulire, membala wa kalabu, atakhala pamphasa lichero lili pamiyendo. Kumanja kunali thumba la mtedza wabwino, kumanzere kambale kachitsulo. Zala zawo zinkayenda mofulumira: diso lofiira bwino m'thumba, lokwinyika m'kambale, lakuda kumutu m'kambale, losweka m'kambale. Kambale kakadzaza ankakhuthulira m'beseni. Pambali mdzukulu wawo wamkazi anali atakonza kale mtondo.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, nanga wa m'beseniwu mupita nawo kuti?"

"Umenewu ndi wathu, alangizi. Tisinja. Phala la anawa tithira chiyani?"

Ndinawafotokozera kuti poizoni yemwe tikumuchotsa m'thumba ndi yemweyo ali m'besenimo, ndipo safa ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa. Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana.

"Ndiye mukuti nditaye? Ndalima ndekha, ndakumba, ndathothola, ndaswa, ndasankha. Wabwino mwatenga. Uwu nditaye, ndiye ana adya chiyani? Mukafuna nditaye, mugule nawonso."

Mawu amenewo ndiwo phata la lipoti lino. Tikamasankha mtedza kuti wodya wa ku Britain atetezeke, poizoni sachoka m'dziko. Amangosamuka kuchoka m'thumba la malonda kupita m'nsinjiro, ndipo amakhala wochuluka kuposa poyamba chifukwa maso oipa onse asonkhana pamodzi. Aflatoxin amaononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B. Kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa anapezanso kuti ana omwe amadya kwambiri poizoniyu amakonda kupinimbira. Akachuluka kwambiri amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya mu 2004 pomwe anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Amene timagwira ntchito imeneyi tiyenera kuvomereza kuti msika wabwino wakunja ungathe kudwalitsa mudzi womwe ukuuthandiza ngati palibe amene akugula mtedza wotsalawo.

Pali ndi nkhani ya makilo. Mayi akasankha mosamala, thumba limachepa. Ngati kusiyana kwa mtengo wa kalabu ndi wa venda sikukwirira makilo ochotsedwawo pamodzi ndi masiku omwe wakhala pamphasa, ndiye kuti akugwira ganyu yaulere. Amayi amawerengera zimenezi bwino kwambiri, ngakhale amene sanapite kusukulu.

Venda amafika msanga

Mtedza umakumbidwa mu Epulo ndi Meyi. Nthawi imeneyo banja langotuluka kumene m'miyezi ya njala, lili ndi ngongole, ana akufunika fizi ya teremu yachitatu, ndipo ndalama ya fodya mwina sinafike. Venda amadziwa zimenezi. Amamangirira sikelo pa mtengo wa mango pa mphambano, kapena amayenda khomo ndi khomo pa njinga, ndalama zili m'thumba. Sayeza chinyezi, safunsa giredi, sabweza kanthu. Kumbuyo kwake kuli ogula akuluakulu opita ndi mtedza ku Tanzania, Kenya, Congo, Burundi kapena kudutsa pa Mwami kulowa ku Zambia, ndipo ambiri mwa amenewa sayeza aflatoxin. Pa Kamwendo m'miyezi imeneyi malole amaima ndandanda.

Wogula wa dongosolo, aliyense amene angakhale, amachedwa pa zifukwa zomveka. Amadikira kuti mtedza uume, amadikira ngongole ya kubanki ya chiwongoladzanja chokwera, amadikira kuti wogula wakunja atsimikize mtengo. Akamatsegula msika mu Juni kapena Julayi, gawo lalikulu la mtedza lapita kale. M'malipoti zimenezi zimatchedwa kugulitsa mwamseri, ngati kuti mlimi waba. Ine sindikonda mawu amenewo. Munthu amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sangadikire mwezi ndi theka kuti alemekeze pepala.

Ndinaziona bwino chaka china ndi kampani ina ya m'dziko momuno, yosakhala m'gulu la omwe ndawatchula. Inapereka mbewu pangongole, alimi anabzala mizere iwiri pa mzere umodzi monga anaphunzitsidwa, mtedza unabereka. Pa tsiku logula, makalabu anasonkhanitsa matumba pa bwalo la sukulu. Galimoto inabwera n'kutenga mtedza, koma m'malo mwa ndalama alimi analandira timapepala, akuti ndalama ibwera sabata yamawa. Inabwera patapita milungu yambiri, mtengo wa kwa mavenda utakwera kale kuposa wa pa kontrakiti. Pamsonkhano wotsatira tcheyamani wa kalabu, bambo wofatsa, anaimirira n'kunena kuti, "Alangizi, ife sitikana chitukuko. Koma kapepala sikagula feteleza." Chaka chotsatira anthu omwewo analandira mbewu, koma ambiri anagulitsa kwa venda, kampani n'kumadandaula kuti alimi ndi osakhulupirika.

Kugwa kwa kwacha kumaonjezera vutoli. Mu Meyi 2012 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu pakati penipeni pa nyengo yokolola, dola n'kuchoka pa K167 kufika pa K250. Zinachitikanso mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023. Mtengo wogwirizana pobzala umakhala wopanda tanthauzo pokolola, ndipo venda amasintha mtengo wake tsiku lomwelo pamene kampani ikudikira msonkhano wa mabwana.

Afri-Nut ndi zomwe zinatsatira

Omwe anali mu mgwirizanowu sanali osaona. Kusankha ndi manja kunkalephera kupereka mtedza wofanana chaka ndi chaka, ndipo kontena ikakanidwa kunja chitayiko chake chimakhala chachikulu. Choncho mu 2011 NASFAM, Twin, kampani ya minda ya Exagris, bungwe la Cordaid la ku Netherlands ndi Waterloo Foundation anakhazikitsa fakitale ya Afri-Nut ku Lilongwe, yosankha, kusenda khungu, kukazinga ndi kupera mtedza ndi makina. Msika wina unapezeka kuno komwe: opanga chiponde cha kuchipatala, chija amapatsa ana onyentchera, amafuna mtedza woyera ngati momwe amafunira a ku Ulaya. Kwa ine imeneyi inali nkhani yabwino kuposa ya masitolo a ku London, chifukwa mtedza wabwino unayamba kufika m'kamwa mwa ana a kuno.

Maganizo enanso omwe anakula m'zaka zimenezo ndi ogula mtedza wosaswa. Mtedza ukakhala m'makoko umasungika bwino, mayi sawaza madzi, zala zake zimapuma, ndipo kuswa ndi kusankha kumachitikira pamalo amodzi pomwe maso oipa angathe kupatulidwa osabwerera kumudzi. Njirayi ili ndi mavuto ake. Makoko amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera, ndiye mtengo wa kilo umaoneka wotsika ndipo mlimi amakayika kuti akuberedwa. Galimoto imanyamula makoko opanda phindu. Amayi ena omwe ankapeza ganyu yoswa amataya kandalama kawo. Ngakhale zili choncho, pa njira zonse zomwe ndaziona, imeneyi ndiyo imachotsadi katundu pamutu pa mayi.

Mu 2013 boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi aflatoxin yotchedwa MAPAC, ndipo ndondomeko ya malonda akunja ya 2013 mpaka 2018 inaika mbewu za mafuta patsogolo. Koma mu 2019 Twin, imene inali mlatho pakati pa Mchinji ndi Britain, inagwa chifukwa cha mavuto a zachuma. Zinaonetsa kuti ngakhale wogula wa mtima wabwino ndi bizinesi, ndipo atha kutseka. Kalabu imene yadalira khomo limodzi imatsala panja.

Lero makampani a fodya nawo alowa mu mtedza. Mu 2022 Pyxus inatsegula fakitale ya mtedza ku Kanengo, ndipo imalimitsa alimi pa kontrakiti monga zimakhalira ndi fodya: mbewu ndi zipangizo pangongole, mlangizi wa kampani, kugula pokolola. Makampani otere ali ndi ndalama ndi magalimoto zomwe bungwe la alimi linalibe, ndiye angathe kufika msanga. Chomwe alimi ayenera kuyang'anitsitsa n'chakuti mu dongosolo limeneli mulibe masheya kapena msonkhano wogamula za ndalama ya chitukuko. Mphamvu ya mlimi ili pa zomwe zalembedwa mu kontrakiti ndi pa kulimba kwa kalabu yake basi.

Zomwe timaika patebulo masiku ano

Kalabu ikandiitana kuti ndiithandize kukambirana ndi kampani, timayambira pa tsiku lolipira, mtengo usanatchulidwe n'komwe. Timapempha kuti msika utsegulidwe mu Meyi, ndipo ndalama iperekedwe pa sikelo pomwepo, kaya pamanja kaya pa foni kudzera ku Airtel Money kapena Mpamba. Kampani ikati singathe kulipira zonse, ipereke gawo lalikulu tsiku lomwelo, lotsalalo likhale ndi deti lolembedwa komanso chindapusa ikachedwa. Makampani amalemba zilango za mlimi wogulitsa kwina, ndiye n'chilungamo kuti nawonso akhale ndi chawo.

Pa mtengo timakana nambala yokhazikika yogwirizana mu Novembala. Timafuna kuti mtengo woyambira umene unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse ukhale pansi, ndipo pamwamba pake pakhale mtengo wa pamsika wa sabata imeneyo kuphatikiza ndalama ya giredi. Ndalama ya giredi iyenera kuwerengedwa pamaso pa amayi: titenge ndowa imodzi, tiyeze, tisankhe, tiyezenso, tione makilo omwe achoka ndi nthawi yomwe yapita. Kampani ikaona zimenezi ndi maso, kukambirana kumasintha. Sikelo ikhale yodindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi kawerengedwe mlimi akuona. Ndimalimbikiranso kuti dzina lolembedwa pa kontrakiti ndi nambala ya foni yolandirira ndalama zikhale za amene walima. Mtedza ukayamba kubweretsa ndalama zooneka, abambo ambiri amautenga kukhala wawo, mayi n'kutsala ndi khasu ndi lichero.

Timalangizanso makalabu kuti asalonjeze mtedza wonse kwa wogula mmodzi. Gawo lina likhale la mbewu ndi chakudya, ndipo la chakudyalo lichokere mu wabwino, osati m'beseni.

Povuta kwambiri mpaka pano ndi pa mtedza wotsala. Timapempha kampani kuti igule wonse, wabwino ndi woipa, pa mitengo iwiri. Woipawo ungathe kufinyidwa mafuta, chifukwa mafuta akayengedwa bwino kufakitale amatsala ndi poizoni wochepa kwambiri. Koma poizoniyo amatsalira m'zotsalira zofinya, ndipo zimenezi zikapita kwa ng'ombe za mkaka amadzatulukira mu mkaka, zikapita kwa nkhuku zimadwala. Timakina tating'ono tofinyira mafuta ta m'matauni sitiyenga, ndiye si yankho. Makampani ambiri omwe ndakhala nawo patebulo amavomera za tsiku lolipira ndi za sikelo, koma akafika apa amati mtedza woipa si wawo. Makalabu omwe ndikugwira nawo ntchito agwirizana kuti chaka chino sasayina kontrakiti imene ilibe mtengo wa giredi yotsika, ndipo kampani imene ikufuna mtedza wawo iyenera kulemba komwe giredi imeneyo ikupita.